MADISKI AMBIRI, NKHOKWE IMODZI

Boma lililonse limayenda ndi zolembedwa. Dzina la mwana wobadwa, malipiro a mphunzitsi, malire a munda, msonkho wa wamalonda, penshoni ya munthu amene watumikira dziko lake zaka makumi atatu, zonsezi zimakhala zoona pamaso pa boma pokhapokha zitalembedwa ndi kusungidwa pamalo poti zikafunika zipezeke. Kale udindo umenewu unali m'manja mwa kalaliki wosunga mafayilo, amene ankadziwa kabati iliyonse ndi pepala lililonse. Lero zambiri mwa zolembedwazi zili m'makompyuta, ndipo m'kati mwa makompyutamo zimakhala pa timbale totchedwa madiski. Motero funso lakuti madiski amenewa akusamalidwa bwanji si la amisiri okha ayi. Ndi funso la aliyense amene amasainira ndalama za boma, ndiponso la aliyense amene amaima pamzere kudikira chitupa chake.

Sabata ino tikufuna kukamba za njira imene amisiri amaitcha storage virtualization, imene m'chinenero chathu tinganene kuti ndi kusonkhanitsa madiski ambiri osiyanasiyana kuti aoneke ndi kuyendetsedwa ngati nkhokwe imodzi. Maganizo athu pa nkhaniyi ndi osabisa. Njirayi ndi yabwino, imapeputsa ntchito ndiponso imapulumutsa ndalama za anthu, choncho maofesi a boma ayenera kuilandira. Koma ikabwera pamalo popanda mwambo, imatenga tingozi ting'onoting'ono ta m'maofesi ambiri n'kutisandutsa ngozi imodzi yaikulu yogwera dziko lonse tsiku limodzi.

Tiyambe ndi kumene zinthu zachokera. M'chaka cha 1956 kampani ya IBM ya ku America inatulutsa makina oyamba osunga zolembedwa pa diski, amene anali mbali ya kompyuta yotchedwa RAMAC. Makinawo anali aakulu ngati mafiriji awiri, anali ndi mbale 50 zozungulira, ndipo ankasunga zilembo 5 miliyoni basi. Lero diski imodzi yokwana m'manja imasunga ma terabyte oposa 20, kutanthauza zinthu zochuluka kamamiliyoni angapo kuposa makina a 1956 aja. Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinasinthe: diski iliyonse imafa. Ina imafa itatumikira zaka zambiri, ina imafa mwezi womwe yagulidwa, ndipo nthawi zambiri imapita osatsanzika.

Pofuna kuthana ndi vuto limeneli, akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, a David Patterson, a Garth Gibson ndi a Randy Katz, analemba m'chaka cha 1988 nkhani imene inatchukitsa dzina lakuti RAID. Nzeru yake ndi yakuti madiski ambiri azigwira ntchito ngati gulu, kotero kuti imodzi ikafa zolembedwa zisafere nayo limodzi. Njira yapafupi, yotchedwa RAID 1, ndi kulemba chinthu chilichonse pa madiski awiri. Njira ina, yotchedwa RAID 5, imadalira masamu onga amene mwana wa ku pulayimale amawadziwa. Mukalemba 3, 5 ndi 2 pa mapepala atatu, n'kulembanso 10 pa pepala lachinayi monga zonse pamodzi, pepala la 5 likasowa simudandaula, pakuti mukachotsa 3 ndi 2 pa 10 mupeza chimene chasowa. RAID 6 imaonjezera masamu ena kuti gulu lipirire ngakhale madiski awiri atafa nthawi imodzi. Kabati yokhala ndi madiski makumi kapena mazana olumikizidwa motere, pamodzi ndi makina owalamulira, ndi imene amaitcha disk array, ndipo makabati otere ndiwo amadzaza nyumba zazikulu za makompyuta zotchedwa data centre.

RAID inathetsa vuto la diski imodzi, koma inasiya vuto lina, ndipo ili ndi vuto limene wantchito wa boma aliyense alizindikira msanga. Makabati amenewa sagulidwa tsiku limodzi. Nthambi ina imagula yake chaka chino ndi ndalama za pulojekiti, ina imalandira yake ngati mphatso, ina imagula kwa kampani imene yapambana tenda chaka chamawa. Pakapita zaka zingapo m'nyumba imodzi mumakhala makabati a makampani atatu kapena anayi, iliyonse ndi pulogalamu yakeyake yoiyendetsera, ndipo mmisiri mmodzi amayenera kuphunzira zonsezo. Kabati ina imadzaza mpaka ntchito kuima, pamene ina pafupi pomwepo ili yosafika ndi theka lomwe, koma palibe njira yobwerekera malo kuchokera kuno kupita uko. Zili ngati pabwalo pamene nkhokwe ina yasefukira, chimanga chikuolera pansi, pamene nkhokwe ya pambali pake mukuswana makoswe. Pamudzi tinganene kuti chimangacho ndi cha mabanja osiyana. M'boma mwini wake ndi mmodzi, ndipo mwini wakeyo ndi munthu wokhoma msonkho.

Tsono storage virtualization imachita chiyani? Imaika mkhalapakati pakati pa makompyuta ogwira ntchito, amene amatchedwa maseva, ndi makabati a madiski. Mkhalapakati ameneyu ndi pulogalamu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusunga kaundula. Amatenga malo onse a m'makabati onse, n'kuwagawa m'zidutswa zofanana, n'kuziika m'nkhokwe imodzi. Seva ikapempha malo, iye amaipatsa chimene chimaoneka ngati diski yakeyake, koma zoona zake n'zakuti diskiyo ndi zidutswa zotoledwa uku ndi uko, ndipo kaundula yekha ndiye amadziwa kuti chidutswa chakuti chili m'kabati yakuti. Aliyense amene anasungitsako ndalama kubanki amvetsa zimenezi. Mwini ndalama sadziwa kuti ndalama zake zili m'bokosi liti, ndipo safunika kudziwa. Iye amadziwa nambala ya buku lake, ndipo a banki angasamutse ndalamazo usiku wonse popanda iye kutaya tambala.

Mkhalapakatiyu angakhale pamalo atatu. Angakhale m'seva momwemo, monga pulogalamu ya LVM imene a Heinz Mauelshagen analembera makompyuta a Linux m'chaka cha 1998. Angakhale pa makina apadera oikidwa panjira ya mawaya pakati pa maseva ndi makabati, monga SAN Volume Controller ya IBM imene inatuluka mu 2003. Angakhalenso m'kabati imodzi yaikulu imene imalamulira makabati ena, ngakhale a makampani ena, monga mmene Hitachi inayambira kuchita mu 2004. M'zaka zotsatira kunabweranso mapulogalamu osonkhanitsa madiski a m'maseva wamba popanda kabati yapadera: vSAN ya VMware inatuluka mu 2014, ndipo Ceph, imene a Sage Weil ndi anzawo anaifotokoza mu 2006 ali pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, ndi yaulere ndipo imagwiritsidwa ntchito ngakhale ku CERN, likulu lalikulu la kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva. Mayina ndi osiyana, koma mfundo ndi imodzi: seva isamangiriridwe ku chitsulo chimodzi.

Phindu loyamba ndi lakuti malo saonongeka. Chifukwa zonse zili m'nkhokwe imodzi, nthambi imene yaperewera imaonjezeredwa malo m'mphindi zochepa, popanda kudikira tenda, sitima ya pamadzi ndi chilolezo cha pa kasitomu. Pamwamba pa izi pali njira yotchedwa thin provisioning. Tiyerekeze kuti nthambi ina yapempha ma terabyte 10, pamene chaka chino ilemba 3 okha. Kale 7 otsalawo ankangokhala, ogulidwa kale, akudya magetsi, osathandiza aliyense. Lero nthambiyo imalonjezedwa 10, koma m'nkhokwe mumachoka zidutswa zokhazo zimene zalembedwadi. Zotsalazo zimatumikira ena mpaka tsiku limene zidzafunike.

Phindu lachiwiri ndi kusamuka popanda kutseka ofesi. Kabati ya madiski imakalamba, ndipo pakapita zaka zingapo kampani imene inaipanga imaleka kuikonza. Kale kuchotsa kabati yakale kunkatanthauza kuzimitsa maseva Lachisanu madzulo, kukopera zonse usiku ndi usana, ndi kupemphera kuti Lolemba m'mawa zinthu zidzuke. Pamene pali mkhalapakati, iye amakopera zidutswa chimodzichimodzi kupita ku kabati yatsopano ntchito ili m'kati, ndipo chidutswa chilichonse chikafika amasintha mzere wake m'kaundula. Kalaliki amene akulemba malipiro sadziwa n'komwe kuti pansi pa mapazi ake pasinthidwa.

Phindu lachitatu ndi kuika chinthu chilichonse pamalo pochiyenera. Madiski alipo amitundu iwiri: ozungulira, amene ndi otsika mtengo koma ochedwa, ndi a SSD, amene alibe chozungulira m'kati, ndi achangu kwambiri, koma terabyte yake ndi yokwera mtengo. Mkhalapakati amaona kuti ndi zidutswa ziti zimene zikufunsidwa kawirikawiri n'kuzikweza pa SSD, ndipo zimene zagona miyezi amazitsitsira pa madiski otsika mtengo. Malipiro a mwezi uno amakhala pafupi, a zaka khumi zapitazo amakhala kuseri, monga momwe mayi wanzeru amaikira mchere pafupi ndi mafuwa koma mbewu ya chaka chamawa n'kuipachika kudenga.

Phindu lachinayi ndi lakuti mmisiri amayang'ana pamalo amodzi. M'malo mwa mapulogalamu anayi amaphunzira imodzi. Kuchokera pomwepo angathe kujambula mmene zolembedwa zilili pa ola lakuti, chimene amachitcha snapshot, kuti wina akafufuta zinthu molakwitsa kapena mwadala zibwezedwe. Angathenso kulamula kuti chilichonse cholembedwa pano chizilembedwanso ku nyumba ina ya kutali. Dziko limene amisiri ake ndi owerengeka silingapepule chinthu chimene chimalola anthu awiri kugwira bwino ntchito imene kale inkalemetsa gulu lonse.

Tanena zabwino, tsopano tinene zoopsa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kusonkhanitsa zinthu pamodzi kumachepetsa malo ofunika kulondera, koma kumakulitsa mtengo wa kugona kwa mlonda. Pa 25 Ogasiti 2010 kabati yaikulu ya madiski ya boma la Virginia ku America, imene inkayendetsedwa ndi kampani ya Northrop Grumman, inaonongeka. Nthambi 26 mwa nthambi 89 za bomalo zinakhudzidwa, ndipo ofesi yopereka ziphaso zoyendetsera galimoto inalephera kutumikira anthu pafupifupi sabata yathunthu. Mu Disembala 2016 zofanana ndi zimenezi zinagwera ofesi ya msonkho ya ku Australia, ndipo ntchito zake za pa intaneti zinaima masiku angapo. Lipoti limene ofesiyo inatulutsa pambuyo pake linaonetsa kuti zida zina zofunika pobwezeretsa zinthu zinkadalira makina omwewo amene anafa. Kumeneko n'kutsekera kiyi wa nkhokwe m'nkhokwe momwemo.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi cha ku South Korea, dziko limene palibe angalinene kuti ndi lotsalira pa makompyuta. Pa 26 Seputembala 2025 moto umene unayambira ku mabatire unabuka m'nyumba ya makompyuta a boma mu mzinda wa Daejeon, ndipo ntchito mazanamazana za boma zinaima. Zambiri zinabwezeretsedwa pang'onopang'ono. Koma nkhokwe yotchedwa G-Drive, mmene antchito a boma ankasungamo mafayilo awo a tsiku ndi tsiku, okwana ma terabyte 858, inalibe kope lina kwina kulikonse, ati chifukwa inali yaikulu kwambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Phunziro lake ndi lakuti RAID, ngakhalenso storage virtualization, si kope lachiwiri. Zimateteza ku imfa ya diski ndi ku ukalamba wa kabati, koma siziteteza ku moto, ku madzi osefukira, kwa wakuba wa pa intaneti amene watseka mafayilo n'kumafuna dipo, kapena kwa wantchito wosakhulupirika amene akufuna kufufuta mapazi ake. Snapshot imene ili m'kabati yomweyo imapsa limodzi ndi kabatiyo. Chofufutidwa pano chimafufutikanso msanga ku nyumba ya kutali ngati ziwirizo zimangotsanzirana. Ndipo kaundula wa mkhalapakati uja akaonongeka, madiski onse angakhale amoyo koma zidutswa zake n'kukhala ngati masamba a mabuku chikwi omwazidwa ndi kamvuluvulu. Thin provisioning nayonso ili ndi msampha wake: ndi lonjezo la malo amene mwina sanagulidwe, ndipo nkhokwe ikadzaza popanda woona, nthambi zonse zolonjezedwa zimaima nthawi imodzi.

Zonsezi zikutikhudza bwanji ife kuno kwathu? Zikutikhudza chifukwa tayamba kale ulendo umenewu. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba m'kaundula Amalawi oposa 9 miliyoni, zithunzi zawo pamodzi ndi zidindo za zala zawo. Mu 2022 dziko lino linatsegula National Data Centre ku Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei, ndi cholinga chakuti zolembedwa za boma zikhale pamalo oyenera m'dziko mwathu momwe muno. Talawakonso kuwawa kwake. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa masabata angapo makina ake atasokonezedwa, ndipo ophunzira, odwala ndi amalonda anasowa mtengo wogwira. Ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mphamvu pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yoposa chaka. Madiski sakondwa ndi magetsi ozimazima kapena chipinda chotentha. Seva yosungidwa pansi pa tebulo la bwana, kapena m'kachipinda kosungiramo matsache, ili pangozi kuposa imene ili m'nyumba yokhala ndi jenereta, mabatire ndi makina oziziritsa.

Choncho tikupempha zinthu zisanu kwa onse amene ali ndi udindo.

Choyamba, akuluakulu a nthambi asiye mtima wakuti "seva yanga, diski yanga". Palibe chitsulo cha boma chimene ndi cha munthu, ndipo ulemu wa ofesi suyezedwa ndi kuchuluka kwa makina amene yatsekera. Amene amaopa kuti zinsinsi za nthambi yake ziwerengedwa ndi ena adziwe kuti nkhokwe imodzi siitanthauza chitseko chimodzi. Gawo lililonse limaoneka kwa seva yokhayo imene yaloledwa, ndipo lamulo loteteza zolembedwa za anthu, Data Protection Act ya 2024, likutikakamiza kale kusamala za amene akuona chiyani.

Chachiwiri, pasakhale nkhokwe yopanda mnzake. Amisiri ali ndi lamulo lapafupi kulikumbukira, la 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali. Moto kapena madzi amene agwira nyumba ya ku Blantyre sangafike ku Lilongwe kapena ku Mzuzu usiku womwewo. Kope limodzi likhalenso losalumikizidwa ku mawaya, kapena lotsekedwa mwakuti ngakhale mmisiri wamkulu sangalifufute nthawi yake isanakwane.

Chachitatu, kope limene silinayesedwe lisawerengedwe ngati kope. Mlembi wamkulu wa unduna aliyense ali ndi ufulu, ndipo tinganene kuti ali ndi udindo, wofunsa funso ili: kodi ndi liti pamene tinayesa kubwezeretsa zolembedwa zathu kuchokera ku kope, ndipo zinatenga maola angati? Funso limeneli silifuna digiri. Yankho likhale lolembedwa ndi losainidwa, ndipo pakhalenso munthu wodziwika ndi dzina amene sabata iliyonse amanena kuti m'nkhokwe mwatsala malo ochuluka bwanji.

Chachinayi, ogula katundu wa boma ayang'ane kupyola mtengo wa tsiku loyamba. Mapulogalamu ambiri otere amalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kampani ya Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023 inaleka kugulitsa ziphaso zamuyaya n'kuyamba zolipira nthawi ndi nthawi, ndipo makasitomala ambiri padziko lapansi anadandaula kuti mitengo yawakwerera. Njira imene inabwera kudzatimasula ku kabati ya kampani imodzi isatimangirire ku pulogalamu ya kampani imodzi. Pangano lililonse linene poyera kuti zolembedwa ndi za boma, kuti mawu achinsinsi otsegulira makina ali m'manja mwa boma, ndiponso kuti tikafuna kuchoka tidzachoka bwanji ndi katundu wathu.

Chachisanu, ndipo ichi ndicho chachikulu, tiphunzitse ana athu ndi kuwasunga. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo nzeru yobwereka imakwera ndege pangano likatha. Mayunivesite athu ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo ndi ku Mzuzu akutulutsa anyamata ndi atsikana odziwa makompyuta chaka chilichonse. Mlendo akabwera kudzaika makina, Mmalawi aime pambali pake kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, agwire ndi manja ake, alembe zonse m'buku la ofesi. Ndipo mmisiri wotere akaphunzira alipidwe moyenera, chifukwa n'kupanda nzeru kugula makina a mamiliyoni ambiri n'kulola woadziwa apite chifukwa cha malipiro.

Kwa inu atsogoleri amene mumakumana ndi anthu m'misonkhano ya m'midzi ndi m'matauni, tikudziwa kuti nkhani iyi ndi yovuta kuifotokoza. Mlatho umaoneka, sukulu imaoneka, koma madiski otsekeredwa m'nyumba yopanda mazenera palibe amawaombera m'manja. Komabe anthu akafunsa chifukwa chake boma likuika ndalama pa zinthu zosaoneka, auzeni zoona: m'nyumba imeneyo ndimo muli dzina lawo, munda wawo ndi penshoni ya bambo awo. Makolo athu ankamanga nkhokwe pamwamba pa miyala, ankaimata, ankaifolera, ndipo mbewu sankaisunga pamodzi ndi chakudya. Sanadikire njala kuti iwaphunzitse kawiri. Tiyeni nafenso tisonkhanitse madiski athu mwadongosolo, tiwaike m'manja mwa anthu athu ophunzitsidwa bwino, ndipo tisagone mpaka titatsimikiza kuti chilichonse chimene mtundu uno walemba chili ndi kope lake kwina.